Kutsatsa ng'ombe pamsewu ku Ireland kunathera pa sikelo

Ku Killorglin, katauni ka ku County Kerry, pa 10, 11 ndi 12 Ogasiti kumakhala Puck Fair. Amakagwira tonde wakutchire kumapiri nkumuveka chisoti kuti ndi mfumu ya msika, ndipo alendo amangothamangira kujambula tondeyo basi. Ine poti ntchito yanga ndi ya ziweto maso anga amakhala pa malonda, tsiku loyamba mahatchi, lachiwiri ng'ombe. Msikawu ndi wakale, chilolezo chake adapereka mfumu ya ku England James I mu 1613.

Kale mlimi amadzuka usiku kukusa ng'ombe zake wapansi, kukacha ali nazo pamsewu wapakati pa tauni, ndowe mpaka pakhomo la shopu. Sikelo panalibe. Wogula amaizungulira ng'ombe, kuigwira pamsana, kuyang'ana mano, kenako nkutchula mtengo wonyoza dala. Mwini wake amvekere ayi, wogula nkumanamizira kuti akupita. Apa ndiye pamalowa munthu yemwe amamutcha tangler, tinene kuti dobadoba, kumukoka jekete wogula uja, kugwira dzanja la uyu ndi la uyu nkuwaombanitsa, ena amayamba alavulira kaye m'manja, zikatero malonda atheka palibenso kubwerera m'mbuyo. Wogulitsa amabweza kandalama pang'ono kotchedwa luck penny kuti chiweto chikayende bwino komwe chikupita, banyira ndithu.

Zimamveka zokoma koma mlimi amaluza kwambiri. Mavenda oti tsiku lililonse ali pa msika amadziwa kulemera kwa ng'ombe ndi diso lokha, pomwe mwini wake amagulitsa kamodzi kapena kawiri pachaka, ndiye ikatsala osagulidwa aikuse kubwerera nayo kunyumba itatopa kale.

Nchifukwa chake ma mart, misika yomangidwa yogulitsirako ziweto, atayamba kufala m'ma 1950 ndi 1960, ambiri ake a makoparetivu a alimi omwe, ng'ombe zambiri zinachoka pamsewu mwachangu. Ku mart ng'ombe imakwera sikelo, makilo onse amawaona, ogula amapikisana pa okushoni. Panopa iliyonse ili ndi nambala kukhutu ndi kadi yake, komanso imayezedwa TB.

Mahatchi ndiye anatsalira, kumisika yawo ya ku Ballinasloe mu Okutobala ndi ku Spancilhill pa 23 Juni kumadzazabe. Hatchi sugula makilo, umafuna uione ikuthamanga, uitsegule kukamwa, uidzutse mwendo uone chiboda.