Kuchepetsa chilango cha chamba si kuchiloleza ayi

Anthu ambiri akamva kuti mzinda wina ku America wasiya kumanga anthu osuta chamba amangoti basi kumeneko chaloledwa, koma si choncho abale. Ku Ann Arbor, m'boma la Michigan, khonsolo inagamula mu 1972 kuti wopezeka ndi chamba azilipira faindi ya madola 5 basi, ngati munthu wayimika galimoto polakwika, koma mlandu unali ulipobe, kungoti sumagona mselo. Mu 1990 anakweza kufika madola 25.

Ku Seattle, mzinda wa m'boma la Washington, mu 2003 anthu anavotera Initiative 75, yomwe inauza apolisi kuti munthu wamkulu wopezeka ndi kachamba kosuta yekha akhale wotsiriza pa zomwe akuthamangitsa, ayambe ndi akuba ndi zigawenga kaye. Ine zimenezi ndimagwirizana nazo kwambiri, chifukwa mnyamata kutaya tsogolo lake kamba ka ndudu imodzi zimandiwawa. Koma lamulo la boma la Washington silinasinthe mpaka 2012, ndipo wogulitsa ankamangidwabe.

Kwathunso kuno ku Malawi lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi laisensi, chosuta ukapezeka nacho apolisi akutenga ndithu.