Katoto, Diacre ndi mkangano wa mu timu ya amayi ya France

Marie-Antoinette Katoto watsogola katatu pa omwetsa zigoli mu ligi ya amayi ya France, koma mpikisano wa World Cup wa 2019 ndi wa 2023 anaonera ali panja pa bwalo. Koyamba anachita kumusiya dala, kachiwiri linali bondo. Pakati pa zaka zimenezi ndi pamene panabuka mkangano umene unachotsetsa ntchito mphunzitsi wa timu ya dziko.

Katoto anabadwa pa 1 Novembala 1998 ku Colombes, kufupi ndi Paris, ndipo kwawo kwa makolo ake ndi ku DR Congo. Analowa Paris Saint-Germain (PSG) mu 2011 ali ndi zaka 12. Mu 2016 France inatenga chikho cha ku Ulaya cha atsikana osapitirira zaka 19, iye n'kumwetsa zigoli 6, kuposa wina aliyense.

Chaka chotsatira timu ya akuluakulu inapatsidwa kwa mphunzitsi Corinne Diacre. Mayiyu sanali wamba pa mpira. Anasewerapo kumbuyo ngati kaputeni wa France, ndipo kuyambira 2014 ankaphunzitsa timu ya abambo ya Clermont mu ligi yachiwiri, zomwe zinali zachilendo m'dzikolo. Atangofika ku timu ya dziko analanda ukaputeni Wendie Renard wa ku Lyon, ndipo chidani chinayambira pamenepo.

Diacre ndiye anayamba kumuseweretsa Katoto mu timu yaikulu mu Novembala 2018. Mu Januwale 2019 mtsikanayu anagoletsa pamene France inagonjetsa United States 3-1 ku Le Havre. Nyengo imeneyo anamaliza ligi ndi zigoli 22. Koma mu Meyi, mayina 23 a World Cup atatuluka, lake munalibe, chonsecho mpikisanowo unkachitikira ku France komweko. Mphunzitsi anati Katoto sankaonetsa luso lake lonse akabwera kukampu. Mwina zinalidi choncho, poti anali ndi zaka 20 zokha. Komabe kusiya womwetsa zigoli wamkulu wa ligi yako pa mpikisano wapakhomo ndi chiganizo chimene chimakhululukidwa pokhapokha ukatenga chikho. France inatuluka m'makotafainolo pa 28 Juni, itagonja 2-1 kwa United States pa Parc des Princes, bwalo la PSG lenilenilo. Megan Rapinoe anagoletsa ziwiri, ndipo chimodzi cha France anachimwetsa ndi mutu Renard, wotchinga kumbuyo.

Katoto anayankha ndi zigoli. Mu 2021 PSG inatenga ligi koyamba, Lyon itaitenga zaka 14 zotsatizana. Mu Febuluwale 2022 anapitirira Marie-Laure Delie n'kukhala womwetsa zigoli zambiri m'mbiri ya timu ya amayi ya PSG. Apa Diacre sakanamusiyanso. Ku Euro 2022 ku England anasiya osewera akuluakulu Amandine Henry ndi Eugénie Le Sommer, chiyembekezo chonse chakutsogolo n'kuchiika pa Katoto. Masewero oyamba Katoto anagoletsa pamene France inathibula Italy 5-1. Achiwiri, ndi Belgium ku Rotherham pa 14 Julayi, mphindi 20 zisanakwane anagwira bondo n'kutuluka m'bwalo. Mtsempha wa m'kati mwa bondo unali utaduka, ndipo anakhala chaka choposa osagunda mpira wa mpikisano.

Chithupsa chinaphulika pa 24 Febuluwale 2023. Renard, yemwe anali atabwezeredwa ukaputeni, analengeza kuti sasewereranso dziko lake pansi pa kayendetsedwe komwe kanalipo. Tsiku lomwelo Katoto ndi mnzake wa ku PSG Kadidiatou Diani anamutsatira. Katoto anali asanachire n'komwe, ndiye wina atha kunena kuti sankataya kanthu, koma dzina lake linkalemera chifukwa aliyense ankakumbukira za 2019. Pa 28 Febuluwale Noël Le Graët, pulezidenti wa bungwe la mpira la France yemwe ankaikira kumbuyo Diacre, anatula pansi udindo pa nkhani zake zina, ndipo pa 9 Malichi Diacre anachotsedwa. M'malo mwake munalowa munthu amene abale athu a ku Zambia samuiwala, Hervé Renard, uja anatenga Africa Cup ndi Chipolopolo mu 2012. Iyeyu ndi kaputeni Wendie si pachibale ayi, angofanana dzina.

Katoto anabwerera ku PSG nyengo ya 2023/24, nthawi yomwe Tabitha Chawinga anafika pa ngongole kuchokera ku Wuhan ku China. Tabitha ndiye anatsogola mu ligi ndi zigoli 19, ndipo awiriwa anatenga limodzi chikho cha Coupe de France. Amene anaonera semifainolo ya Champions League mu Epulo 2024 akukumbukira momwe zinapwetekera. Katoto anamwetsa ziwiri ku Lyon, PSG ikutsogola 2-0 mpaka pafupifupi mphindi 10 zomaliza, kenako Lyon inathira zitatu motsatizana, choyamba chomwetsa Diani yemwe anali atachoka ku PSG komweko. Pobwereza ku Paris Tabitha anagoletsa, koma PSG inagonjabe 2-1. Pa Olympics ya chaka chomwecho Katoto anamwetsa zigoli 5 m'masewero atatu a m'gulu, ndipo palibe anamupeza mpaka mpikisano kutha, ngakhale Brazil inatulutsa France 1-0 m'makotafainolo.

Tabitha anapita ku Lyon mu 2024, Katoto n'kumutsatira mu 2025 atakhala zaka 14 ku PSG. Ku timu ya dziko kusiya akuluakulu sikunathe ndi Diacre. Mphunzitsi watsopano Laurent Bonadei sanatenge Wendie Renard ndi Le Sommer ku Euro 2025 ku Switzerland. Kumeneko Katoto anagoletsa chigoli choyamba pamene France inagonjetsa England 2-1 ku Zurich, koma m'makotafainolo Germany inawatulutsa pa mapenate, itasewera ndi anthu 10 pafupifupi masewero onse.