Brandy sakhwimira m'botolo

Pantchito yanga yosankha ndi kusunga zakumwa m'mahotela a muno mu Lilongwe, mawu amene anditopetsa ndi awa: "Botolo ili ndalisunga zaka 20, ndiye lakhwima zedi." Ayi ndithu, bambo. Brandy amakhwimira mumgolo wa matabwa a oak basi. Akangothiridwa m'botolo, msinkhu wake waima. Wa zaka 3 amene munagula mu 1998 ndi wa zaka 3 mpaka lero.

Eni ake luso ku Cognac, m'dziko la France, amatcheza vinyo wa mphesa za Ugni Blanc kawiri m'miphika yamkuwa. Chotulukacho n'choyera ngati kachasu, chaukali, chopanda mtundu. Mtundu wofiirirawo ndi fungo lina lokoma zimachokera m'matabwa a ku nkhalango za Limousin ndi Tronçais, komanso mpweya umene umalowa pang'onopang'ono. Chaka chilichonse pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse amauluka, mpaka makoma a nyumba zosungiramo migolo amachita kuda ndi nkhungu yodya nthunzi ya mowawo. N'chifukwa chake wakalekale amadula: wambiri anapita ndi mphepo. Zilembo za pabotolo zimanena zaka za mumgolo, potengera mowa wamng'ono pa onse osakanizidwawo: VS zaka zosachepera 2, VSOP zosachepera 4, XO zosachepera 10 kuyambira mu 2018.

Akakhala mumgolo zaka makumi angapo, fungo la mphesa ndi maluwa limazimirira, n'kubwera la zipatso zouma, mtedza, chikopa, fodya wouma bwino, ngakhale bowa wa m'nkhalango. A ku France amalitcha rancio. Ndiye tamverani apa: katswiri akaona kuti mgolo wapereka zonse, amausamutsira mowawo m'mabotolo akuluakulu agalasi kuti ulekeretu kusintha. Galasi ndiye loimitsira, ndiye inu mukuyembekezera chiyani m'kabati mwanu?

Chimene chimandiwawabe ndi cha bambo wina wa ku Area 47. Anabwera ndi botolo la XO limene malemu bambo awo anagula ku Johannesburg, kuti litsekulidwe pa chinkhoswe cha mwana wawo. Anali atauzidwa kuti aligoneke ngati vinyo, ndipo linakhala chogona pafupi ndi zenera, dzuwa la mu Okutobala likuliwomba chaka ndi chaka. Mowa wa 40 peresenti umadya chitsekerero. Chinali chitafumbwa, mowa utaphwera, fungo lili la katoni yonyowa. Bambowo anangogwira pakamwa. Botolo la brandy liziima chilili, pamthunzi, pozizira, ndipo mukalitsekula musalisunge zaka lili theka.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi anyamata otsatsa "cognac wakale" pa WhatsApp ndi Facebook pamtengo wa mowa wamba. Mabotolo enieni opanda kanthu amatoledwa m'mabala, n'kuthiramo zosadziwika ndi shuga wowotcha kuti zifiire. Onani chidindo cha pakamwa pa botolo, onani ngati pepala lamatidwa mokhota, funsani lisiti. Choopsa ndi methanol, mtundu wa mowa wapoizoni, chifukwa simungamuzindikire pakamwa, ndipo zizindikiro zimachedwa, mwina maola 12 mpaka 24. Munthu akayamba kuona chimbuuzi, mutu kuwawa kwambiri, kusanza ndi kupuma mothamanga atamwa mowa wokayikitsa, musamati ndi matsire, agone aona mawa. Musam'mwetse mkaka kapena mankhwala a zitsamba. Thamangirani naye ku chipatala cha Kamuzu Central nthawi yomweyo, botolo lija mutanyamula, chifukwa maso akawonongeka ndi methanol kawirikawiri sabwereranso.