Soweto: komboni ya antchito a ku Joni imene inasanduka mzinda

Amene anamanga Soweto sankafuna kumanga mzinda ayi. Ankafuna malo oti wantchito wakuda azikagonako, m'mawa n'kulawirira pa sitima kukagwira ntchito kwa azungu ku Johannesburg, madzulo n'kuchokamo m'tauni. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri nyumba zambiri kumeneko zinalibe magetsi, ndipo munthu wakuda sankaloledwa kutsegula sitolo yaikulu, koma kagolosale ka zinthu za tsiku ndi tsiku.

Zonse zinayambira ku golide amene anapezeka mu 1886. Anthu anakhamukira ku Joni kuchokera kumadera onse a kummwera kwa Africa. Agogo athu amene anapita ndi Wenela ambiri sanakhaleko ku Soweto, poti iwo ankasungidwa m'makomponi a pamgodi pomwepo. Soweto inali ya ena, ogwira ntchito m'mafakitale, m'makhitchini ndi m'masitolo, amene anabwera ndi akazi ndi ana ndipo analibe maganizo obwerera kumudzi. Mu 1904 m'tauni munabuka mliri wofalitsidwa ndi makoswe, khonsolo n'kupezerapo danga. Inatentha dera la amphawi limene lero ndi Newtown, n'kusamutsira anthu ku Klipspruit, malo amene inakonza kuti kuzitayidwa zonyansa za mzindawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kunamangidwa Orlando, dzina lochokera kwa Edwin Orlando Leake, mmodzi wa akuluakulu a khonsolo.

Nyumba sizinakwane. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse mafakitale ankafuna anthu ambiri, koma khonsolo sinkamanga, moti mabanja angapo ankapanikizana m'nyumba imodzi. Apa m'pamene panatulukira James Mpanza, munthu amene alendo ambiri amabwerako osamva n'komwe dzina lake. Anali atakhalapo kundende pamlandu wakupha, anatembenuka mtima ali komweko, ndipo ankakonda kuyenda pa kavalo. Mu 1944 anatsogolera anthu osowa pokhala kukalanda malo opanda kanthu ku Orlando. Anamanga zisakasa za masaka, malowo n'kutchedwa Masakeng. Gulu lake la Sofasonke linali ndi apolisi ake, bwalo lake la milandu, ndipo linkatolera ndalama kwa aliyense wofuna kumanga. Ena amati anali mpulumutsi, ena amati anali wankhanza wodyera anthu osauka, ndipo mwina zonsezi n'zoona. Chosatsutsika n'chakuti anaikakamiza khonsolo kuyamba kumanga, ndipo mpaka lero amatchedwa tate wa Soweto.

Boma la tsankho litalowa mu 1948 ntchito inafulumira, koma mwa njira yake. Mu February 1955 apolisi anayamba kusamutsa anthu a ku Sophiatown kupita nawo ku Meadowlands. Chaka chotsatira makampani a migodi, motsogozedwa ndi Ernest Oppenheimer, anabwereketsa khonsolo mapaundi 3 miliyoni, ndipo kunamera mizere yosatha ya tinyumba ta zipinda zinayi tofanana ndendende, timene eni ake ankatitcha timabokosi ta machesi. Anthu ankagawidwa potengera mtundu: Azulu ndi Axhosa ku Zola ndi Emdeni, Asotho ndi Atswana ku Naledi ndi Mapetla, Atsonga ndi Avenda ku Chiawelo. Dzina loti Soweto linabwera mochedwa, mu 1963, pofupikitsa mawu oti South Western Townships.

Kenako linafika tsiku la 16 June 1976. Boma linali litalamula kuti maphunziro ena, kuphatikizapo masamu, aziphunzitsidwa m'Chiafrikaans, chinenero chimene aphunzitsi ambiri sankachidziwa bwino ndipo ana ankachiona ngati cha wapolisi wofunsa chitupa. Ana asukulu masauzande, motsogozedwa ndi anyamata ngati Tsietsi Mashinini wa pa sukulu ya Morris Isaacson, ananyamuka kulowera ku bwalo la Orlando. Sanafikeko. Ku Orlando West apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, kenako zipolopolo. Hector Pieterson, wa zaka 12, anali mmodzi mwa oyamba kuomberedwa, ndipo chithunzi chimene anajambula Sam Nzima, choonetsa Mbuyisa Makhubu atamunyamula, mlongo wake wa Hector akuthamanga pambali pawo, chinazungulira dziko lonse lapansi. Zipolowe zinafalikira m'mizinda ina, ndipo bungwe lofufuza la boma lomwelo linavomera kuti anthu 575 anafa. Tsiku la Mwana wa mu Africa limene timakumbukira kuno kwathu pa 16 June linachokera pamenepa. Bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa la OAU linalikhazikitsa mu 1991.

Mlendo wa lero amayambira pa msewu wa Vilakazi, umene amaunyadira kuti munakhala anthu awiri olandira mphoto ya Nobel, Desmond Tutu ndi Nelson Mandela. Nyumba ya Mandela, nambala 8115, ndi kanyumba ka njerwa zofiira kamene analowamo mu 1946. Atatuluka kundende mu 1990 anakhalamo masiku 11 okha. Kunena zoona, msewuwu wasalala kwambiri. Mwadzaza malo odyera, ogulitsa ziboliboli ndi mabasi a alendo, moti munthu angabwereko akuganiza kuti Soweto yonse ili choncho. Chapafupi pomwepo pali nyumba yachikumbutso ya Hector Pieterson, imene inatsegulidwa mu 2002, ndipo imeneyo ndi yofunika kuipatsa nthawi.

Koma malo amene amanena mbiri popanda kuikometsera ndi tchalitchi cha Katolika cha Regina Mundi ku Rockville. Misonkhano ya ndale italetsedwa, anthu ankakumana m'menemo, ndipo maliro ankasanduka misonkhano. Mu 1976 ana othawa apolisi anabisalamo, apolisiwo n'kuwatsatira mpaka mkati. Zipsera za zipolopolo zikadalipo, guwa la nsembe n'lobenthuka pakona, ndipo sanakonze dala. Ku Kliptown, kumene nthumwi pafupifupi 3,000 zinavomereza chikalata chofotokoza ufulu umene ankaufuna, cha Freedom Charter, mu June 1955, kuli bwalo lalikulu la Walter Sisulu. Mukangodumpha njanji mupeza zisakasa za malata ndi mipopi yogawana, pafupi penipeni ndi pamene analonjezana kuti aliyense adzakhala ndi nyumba.

Nsanja ziwiri za Orlando zimaonekera patali chifukwa cha zithunzi zimene anazipentapo. Zinali za fakitale yopanga magetsi imene inkaunikira Johannesburg pamene oyandikana nayo ankaphikira malasha ndi kuyatsa makandulo. Inatsekedwa mu 1998, ndipo masiku ano olimba mtima amadumpha kuchokera pamwamba, pafupifupi mamita 100, atamangidwa chingwe, anzawo ali pansi akudya nyama yootcha.

Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 1.3 miliyoni ku Soweto. Kuli madera a nyumba zapamwamba ngati Diepkloof Extension, kuli Maponya Mall, kulinso chipatala cha Chris Hani Baragwanath, chimodzi mwa zikuluzikulu padziko lapansi. Ambiri a ife tinaidziwira Soweto ku mpira: Orlando Pirates, yoyambitsidwa mu 1937, ndi Kaizer Chiefs, imene Kaizer Motaung anayambitsa mu 1970 atachoka ku Pirates komweko. Patrick Mabedi anakhalapo kaputeni wa Chiefs, ndipo Gabadinho Mhango anamwetsa zigoli 16 mu ligi ya 2019/20 ali ku Pirates. Matimu awiriwa akamakumana, kawirikawiri masewero amapita pa bwalo la FNB ku Nasrec, m'mphepete mwa Soweto, limene limalowa anthu oposa 90,000.