Kulawa vinyo ku Cape: zolavula chakumwa zinayamba bwanji?

Lowani m'sitolo yaikulu mu Chipata, mutembenuze botolo la vinyo n'kuwerenga tizilembo ta kumbuyo. Nthawi zambiri mupeza Western Cape, Stellenbosch, Paarl kapena Robertson, madera a ku South Africa. Anzathu opita ku Cape Town pa maphunziro kapena pa malonda amabwerako akupukusa mutu: pafamu alipira ndalama, awathirira kavinyo kongonyowetsa pakhosi, kenako awapatsa kachidebe kolavuliramo. Kwa ife okulira pa chipanda cha masese, kumene wofulula amayamba wamwako kuti alendo aone kuti mowa ulibe chiphe, kulavula pamaso pa mwini mowa ndi mwano. Kumeneko sakuona choncho, chifukwa mwambowo unabadwira pa malonda, osati pa phwando.

Mpesa unafika ku Cape ndi Adatchi a kampani yamalonda amene anamanga malo opumulirapo zombo mu 1652. Mtsogoleri wawo, Jan van Riebeeck, analemba m'buku lake kuti pa 2 February 1659 anafinya mphesa koyamba. Mtsogoleri wina wa Adatchiwo, Simon van der Stel, anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679, natsegula famu ya Constantia mu 1685, imene vinyo wake wotsekemera anadzatchuka mpaka Napoleon ankamwa ali pa ukaidi ku St Helena. Mu 1688 kunabwera Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, ndipo chigwa chimene anakhalamo ndicho Franschhoek lero.

Oyendetsa alendo ena amadumpha chigawo chotsatira cha mbiriyi. Minda ija inalimidwa ndi akapolo ochokera ku Madagascar, Mozambique, India ndi zilumba za Indonesia. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, eni mafamu anapitiriza kulipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, kangapo pa tsiku. Chizolowezicho ankachitcha dop. Lamulo linachiletsa cha m'ma 1960 koma chinakakamira mpaka m'ma 1990, n'kusiya mabanja ambiri ali akapolo a mowa. Nyumba zoyera zokongola zimene alendo amajambulitsirapo zithunzi zili ndi mbiri imeneyo, ndipo kufunsa za izo si kulakwa.

Mu 1886 kunagwa kachilombo ka phylloxera, kangati nsabwe koyamwa mizu, ndipo minda inauma. Mankhwala ake anali kumezanitsa mpesa wa ku Ulaya pa tsinde la mpesa wa ku America, limene kachilomboko sikalipha. Alimi anabzala mopitirira muyeso, vinyo anasefukira, mitengo inagwa. Mu 1918 anapanga bungwe la KWV ku Paarl, limene pambuyo pake linapatsidwa mphamvu yoika mitengo ndi malire a zokolola. Mlimi ankangoperekera ku bungwe kapena kwa amalonda akuluakulu, dzina lake osaoneka pa botolo, monga momwe chimanga cha mlimi wa ku Katete chimasowera dzina chikalowa m'nkhokwe za FRA. Kuti atuluke m'menemo, alimi atatu, Frans Malan wa ku Simonsig, Niel Joubert wa ku Spier ndi Spatz Sperling wa ku Delheim, anatengera nzeru ya ku France natsegula msewu wa vinyo wa Stellenbosch mu 1971: wogula abwere yekha pafamu, alawe, agule pomwepo.

Ndiye chifukwa chake amathira pang'ono. Pafamu imodzi amakupatsani mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, uliwonse pafupifupi mamililita 50. Mitundu isanu pa mafamu atatu yakwana botolo lathunthu la mamililita 750. Wosalavula, pofika famu yachitatu lilime lake lafa, ndipo wadutsa kale malire a 0.05 a mowa m'magazi amene lamulo la South Africa limaikira oyendetsa galimoto. Amayamba ndi vinyo woyera, kenako wofiira, wotsekemera pomaliza, chifukwa shuga akatsogola, otsatirawo amamveka owawasa. Gwirani tambula pa kamwendo kake kuti dzanja lisatenthetse vinyo, izunguzeni, nunkhizani, ndiye mulawe. Musadzole mafuta onunkhira kwambiri tsikulo. Vinyo akanunkha ngati katoni yonyowa, chotsekera chake chamuwononga; akanunkha viniga, munalowa mpweya. Nenani, adzatsegula botolo lina. Vinyo wa Pinotage musam'phonye, ndiye wawowawo: Abraham Perold anam'panga mu 1925 pokwatitsa mitundu ya mpesa ya Pinot noir ndi Cinsaut.

M'nyumba yofululira mudzaona kuti chimera n'chosafunika, poti shuga ali kale m'mphesa, magawo 22 mpaka 25 pa 100. Isiti imadya shugayo n'kusiya mowa wa mphamvu ya 12 mpaka 14 pa 100. Woyera amam'finya msanga n'kumuwiritsa pozizira. Wofiira amawira ndi makoko ake sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mtundu ndi kakumanga mkamwa kaja zimachokera m'makokomo. Mgolo umodzi wamatabwa a oak umalowa malita 225, ndiwo mabotolo 300. Wofuna kuona zonsezi zikuchitika apite pakati pa January ndi March. Pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni akulawa zipatso zoyamba pa N'cwala ku Mtenguleni, ku Stellenbosch, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Cape Town, mathirakitala ali kalikiliki kututa mphesa.

Pamenepo mpamene pagona yankho kwa ofunsa kuti bwanji kuno kum'mawa kulibe minda yotere, chikhalirecho mpesa umamera pakhomo. Ku Cape mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo mphesa zimapsa kuli ng'amba. Kuno January ndi February ndiyo miyezi ya mvula yamphamvu: masamba amagwidwa chuku, zipatso zimamwa madzi n'kung'ambika, shuga amasukuluka. Ku Dodoma ku Tanzania zinatheka chifukwa n'kouma.

Mukagula mabotolo obwera nawo, mdani wake ndi kutentha. Katundu wapansi pa basi kapena m'buti ya galimoto, akaima maola ambiri padzuwa la ku Chirundu, vinyo amafufuma, amakankha chotsekera n'kudontha, ndipo amadzamveka ngati wophikidwa. Akulungeni m'zovala pakati pa chikwama, muwaonetse kwa a ZRA pa chipata, ndipo kunyumba agonekeni chammbali m'chipinda chamdima, kutali ndi mbaula.