Injini ya mu 1975 imene ikuyendetsa kabaza lero

Munthu akabwera ku galaja kudzafunsa kuti agule njinga yamoto iti, amayamba ndi dzina lolembedwa pa thanki, pamene ine ndimayamba ndi kuwerama n'kuyang'ana injini. Ndimatero chifukwa njinga zambiri zimene mumaziona pa siteji ya kabaza, ngakhale mayina awo ndi osiyana, zili ndi kholo limodzi.

Mu 1974 kampani ya Honda ya ku Japan inatumiza akatswiri ake kumayiko monga Thailand, Indonesia, Philippines ndi Pakistan kuti akaone mmene anthu ankagwiritsira ntchito njinga zamoto. Anakapeza anthu atatu kapena anayi atakwera njinga imodzi, oyilo atasanduka phala lakuda, sefa ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, ndipo mwininjinga ankapita kwa makaniko pokhapokha njinga ikakaniratu kulira. M'malo mowadzudzula eni akewo, akatswiriwo anabwerera kwawo n'kukapanga njinga yopirira nkhanza zoterozo, ya CG125, yomwe inatuluka mu 1975. Chitsulo chotsegula mavavu, tizitseko tolowetsa mafuta ndi mpweya mu injini n'kutulutsa utsi, anachitsitsira pansi, pafupi ndi oyilo, kuti chizikankha mavavuwo kudzera pa tindodo tiwiri tachitsulo, motero katcheni ka mkati mwa injini sikanafunikenso. Sefa ya mpweya anaipanga ya siponji, yoti munthu n'kuchapa n'kubwezerapo.

Makampani a mumzinda wa Chongqing ku China, monga Lifan yomwe inayamba mu 1992, komanso Loncin ndi Zongshen, anatengera kapangidwe kameneka n'kumagulitsa pa mtengo wotsika, ndipo n'chifukwa chake masipeya a njinga zambiri za ku China amalowana. Kampani ya Bajaj ya ku Pune ku India, yomwe imapanga Boxer, inatsata njira ina: chitsulo cha mavavu chili pamwamba ndipo chimazunguliridwa ndi katcheni, choncho masipeya ake ndi akeake. Chimodzimodzinso njinga za TVS, kampani inanso ya ku India, nazo zimafuna zipangizo zawo.

Nambala ya 125 kapena 150 imene imalembedwa m'mbali imanena kukula kwa chipinda chimene pisitoni imayendamo. Injini ya 125 ili ndi chipinda chongofanana ndi theka la kapu ya tiyi, ndiye kuti inyamule anthu awiri ndi thumba la chimanga pachitunda, iyenera kuzungulira mofulumira kwambiri, ndipo imatentha. Ilibe madzi oiziziritsa ngati galimoto. Imadalira mphepo ndi oyilo basi.

Apa ndi pamene ambiri amaphera njinga zawo. Oyilo wa injini yotereyi amakhala pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo lita yomweyo imatumikira injini, magiya ndi kilachi nthawi imodzi. Mnyamata wina anabwera tsiku lina akukankha njinga yosakwanitsa ndi chaka chomwe, akunena kuti anamugulitsa yabodza. Nditamasula nati yapansi, oyilo amene anatuluka sanadzaze ngakhale kapu, ndipo pa kasefa kawaya, kamene ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo, panali tizidutswa ta chitsulo tonyezimira ngati mchenga wa kumtsinje. Njingayo sinali yabodza. Akatswiri a Honda aja anapanga injini yopirira oyilo wakuda, koma sanapange yoyenda popanda oyilo.

Oyilo wa galimoto naye ndi msampha, chifukwa wina amakhala woterera mopitirira muyezo moti kilachi yomizidwa mu oyilo imayamba kutsetsereka. Injini imangobangula koma njinga osathamanga. Pa botolo muziyang'ana zilembo zoti JASO MA, zomwe zimasonyeza kuti oyiloyo ndi woyenera njinga yamoto.

Kunena za kusankha, ineyo ndimaona kuti njinga za ku India zimakhalitsa pang'ono, pamene za ku China zimatchipa pozikonza. Koma musanapereke ndalama, pitani kumsika wa kwanuko mukafunse pisitoni, tcheni ndi mabuleki a njinga imene mwaikondayo. Wogulitsa akakuuzani kuti aitanitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, werengerani masiku amene njingayo idzakhale itatsamira khoma uku bwana wanu akudikirabe ndalama yake ya tsiku.