Mfuti ziwiri m'gulu limodzi

Ife ophunzitsa mbiri ya zisudzo timafunsidwa kawirikawiri chifukwa chake magulu oyendayenda akale ankagawanika ngakhale ndalama zikulowa bwino. Nthawi zambiri gwero lake ndi anthu awiri a luso lofanana. Izi zinaoneka poyera m'gulu la zionetsero za mfuti ndi akavalo lotchedwa Buffalo Bill's Wild West, lomwe William Cody anayambitsa ku America mu 1883.

Anthu a m'gululi ankagona m'matenti, kudyera pamodzi, ndi kukwera sitima imodzi kuchoka tauni ina kupita ina. Mu 1887 anawoloka nyanja kupita ku London pa sitima yotchedwa State of Nebraska, atatenga akavalo, njati ndi anthu ambiri a mtundu wa Lakota, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America. Pa moyo wotere, munthu amene mwayambana naye umadya naye m'mawa, kuonetsa naye masana, usiku n'kumamva mawu ake tenti yoyandikana. Kothawira kunalibe.

Annie Oakley analowa gululi mu 1885 pamodzi ndi mwamuna wake Frank Butler, yemwe ankamuyendetsera zonse. Ntchito yake inali kuwombera mipira yagalasi yoponyedwa m'mwamba. Zovala ankasoka yekha, ndipo ankasamala kwambiri mbiri yake ya mayi waulemu. Chaka chotsatira Cody analembanso mtsikana wina wodziwa mfuti, Lillian Smith, wazaka 15 zokha, wochokera ku California.

Apa m'pamene panagona nkhani. M'gulu lotere malipiro a munthu ankadalira kukula kwa dzina lake pa zikwangwani komanso zimene manyuzipepala alemba. Akatswiri a mfuti achikazi akakhala awiri, kuwomba m'manja kumagawika, dzina nalo limagawika. Oakley, yemwe anabadwa mu 1860, anadula zaka 6 pa msinkhu wake, nayamba kunena kuti ndi wa 1866. Ena amati kumeneko kunali kudzikonda. Ine ndimaona mayi akuteteza ntchito imene inamuchotsa mu umphawi wadzaoneni wa ku Ohio.

Ku London zinthu zinafika povuta. Mfumukazi Victoria itaonera chionetsero, inalankhula ndi onse awiri, ndipo aliyense ankatchera khutu kuti atolankhani atamanda ndani. Kenaka pa mpikisano wa mfuti ku Wimbledon, Smith sanachite bwino, pomwe Oakley atapita anagometsa anthu. Komabe zionetsero za ku London zitatha chaka chomwecho, amene anachoka ndi Oakley ndi Butler.

Mlandu waukulu ndimaupereka kwa Cody. Iye ndiye analemba anthu awiri pa ntchito imodzi, osalekanitsa bwino malo awo, ndipo mmodzi anali akadali mwana woti atetezedwe. Oakley anabwerera mu 1889, gulu likupita ku Paris, Smith atachoka kale.